Timavu ta M'botolo

Timavu tinatuluka Lachinayi m'mawa. Tinali titatu, takuda, tikukwawa m'botolo la jamu lomwe ndinaika pawindo, momwe ndinkasungamo zotupa zothyola mumtengo wathu wathundu, zomwe timavuto timakuliramo.

Mtengowo anadzala ndi malemu mayi anga. Tsopano nthambi zake zinali zitadzaza zotupa zolimba, zamatinyanga, ndipo mbali imodzi inali itauma kale.

Ndinaimbira foni a Vogel, osamalira mitengo.

"Timavu tatuluka? Ndiye mawa tipopere, chemwali," anatero. "Tikaikira mazira m'masamba anthetewo, mankhwala satipezanso. Chaka chino chikatidutsa, chaka chamawa ndibwera ndi sowo kudzaudula mtengowo. Koma mnyamata wa njuchi uja atseke ming'oma yake. Apo ayi sindipopera."

Mnyamatayo anali Wendell wa kuseri kwa mpanda. Kwa zaka ziwiri ndinkamuonerera pakatani, ndikumalota zinthu zomwe sindinganene. Koma chiyambire chaka chatha ndinali ndisanamuyang'anenso m'maso.

Ndinamupeza akufukiza utsi pamng'oma.

"Corinne! Ndimayesa unasamukira ku Kansas osatsanzika."

"Utseke njuchi zako mawa. Tikupopera mtengo."

"Mawa? Maapulo angochita maluwa kumene, ndiye ndizitsekere m'nyumba? Mtengo wako uli patali, iwe. Mankhwala sangafike kuno."

"Amafika."

"Wayamba liti ukatswiri?" anaseka.

Ndinagwira mpanda. Ndikanatha kunama kuti a Vogel ndiwo anena kuti mankhwalawo amafika. Koma Wendell ndi wamakani, sakanamva.

"Ming'oma iwiri ija inafa chaka chatha," ndinatero. "Sanali matenda. Ndinagula mankhwala kusitolo n'kupopera mtengowu ndekha, masana, kukuomba mphepo."

Utsi unapitiriza kutuluka m'chitini chake. Njuchi imodzi inatera padzanja lake, iye osaithamangitsa.

"Unandithandiza kusesa njuchi zakufazo," anatero motsitsa mawu. "Unandibweretsera keke."

"Inde."

"Ndinkaganiza kuti..." Sanamalize.

"Wendell, chonde. Ndi mtengo wa amayi."

Anakweza maso n'kuuyang'ana nthawi yaitali, mpaka kunsonga komwe kunali kouma.

"A Vogel abwera nthawi yanji?"

"Sikisi."

"Nditseka isanakwane faifi. Ikamakwana teni ndikutsegula, kaya atha kaya sanathe." Anatsitsa ukonde wa kumaso kwake. "Ndipo uthenga wina uliwonse azindiuza a Vogel. Iwe usabwerenso pampanda pano."

M'mawa mwake kunalibe mphepo ngakhale pang'ono. A Vogel anapopera mtengo wonse, ine nditaima pakhonde, nditafulatira mpanda.