Amene Anasiya Khola Lotsekula

Fernando analibe maganizo obwerera ku Ntengo-Wambalame. Anali atakhazikika ku Furancungo, komwe ankakonza njinga zamoto pafupi ndi msika, ndipo anali ndi mkazi ndi ana awiri. Nkhani inabuka pa maphunziro a ubatizo. Tsiku lina akatekisita, a Xavier, anawerenga kalata yaifupi imene mtumwi wina analembera mnzake wolemera. Kapolo wa mnzakeyo anali atathawa, ndiye mtumwiyo, ali m'ndende, ankamubweza kwa mbuye wake ndi pempho lakuti amulandire ngati m'bale.

Fernando anaimirira pakati pa anzake. "Ndiye wobwerera akhale kapoloyo? Bwanji mbuyeyo osanyamuka kukamupepesa?"

Anthu atabalalika, a Xavier anamuitanira pambali, ndipo Fernando anafotokoza. Makolo ake anamwalirira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Anthu akubwerera kwawo, a Jacinto, mwini ng'ombe zambiri, anamutengera kwawo ku Ntengo-Wambalame n'kulonjeza kuti adzamulera ngati mwana wawo. Koma ana awo akamapita kukaphunzira kushikola, iye ankapita kudambo ndi ng'ombe. Ankagona m'chisakasa cha pakhola, ndipo ndevu zinamera asanalandirepo malipiro. Atapempha kuti amulole kukafuna ntchito kwina, a Jacinto anamukwapula ndi chikoti pamaso pa alendo. Mawa lake anathawa, khola atalisiya lotsekula mwadala. Ng'ombe zinamwazikira m'mapiri. Ricardo, mwana wamkulu wa a Jacinto, pozisakasaka anagwera m'phompho n'kuthyoka mwendo, ndipo sunapole bwino.

"Za Ricardo ndiye zimandidya mumtima," anatero Fernando. "Koma kwa bambo akewo sindingapite ndekha. Akhoza kundipha."

"Wolemba kalata uja anali womangidwa, n'chifukwa chake kapoloyo sanamuperekeze," anayankha a Xavier. "Ine sindinamangidwe. Tipita limodzi."

Ananyamuka pa chapa, magalimoto aang'ono onyamula anthu aja, n'kuyenda mumsewu wafumbi. Anafika dzuwa lili pamutu. A Jacinto anali pakhola akusema mtengo ndi nkhwangwa. Akazi awo, amayi Eneless, ankamenya nyemba pabwalo, koma ataona nkhope ya mlendo anasiya ndodo ili m'mwamba.

"Boa tarde, bambo," anapereka moni a Xavier.

Koma a Jacinto maso awo anali pa Fernando. "Wabwera kudzatsekulanso khola?"

"Ndabwera kudzapepesa Ricardo."

"Ricardo? Nanga ine?" A Jacinto anayandikira, nkhwangwa ili m'manja. "Ndinakutola uli ndi mphere thupi lonse, ukutola makoko a mbatata kudzala. Popanda ine ukanawolera kumsasa komweko. Gwada!"

A Xavier anamuyang'ana Fernando, poganiza kuti agwada. Koma iye anangoima chilili.

"Munanditola, n'zoona," anatero. "Kenako munandisunga ngati ng'ombe ya pangolo. Zipsera za chikoti chanu ana anga amandifunsa nazo."

Nkhwangwa inakwera. Amayi Eneless anakuwa. A Xavier analumphira pakati, n'kutambasula manja.

"Bambo, munthuyu ndabwera naye ndine. Ngati pali chilango, yambirani pa ine."

"Chokani apa, akatekisita! Pano si patchalitchi."

"Ikani nkhwangwayo pansi, bambo."

Mawuwo anachokera kuseri kwa nkhokwe. Anali Ricardo, akubwera motsimphina, atatsamira ndodo. Anatenga nthawi kuti afike, ndipo palibe amene anasuntha.

"Mwendowu ndi wanga," anatero atafika, akupuma mwawefuwefu. "Wokhululuka kapena wokana ndine, osati inu."

Apo m'pamene Fernando anagwada, mawondo onse awiri m'ndowe zouma. "Achimwene, ndinkafuna kupweteka bambo, koma ndinapweteka inu. Ndilibe chobweza. Pepani."

Ricardo anamuyang'ana kwa nthawi yaitali. Ntchentche zinkalira pakhola.

"Ndinakuda kwambiri," anatero pomaliza. "Kukazizira, fupali likayamba kubaya, ndinkatukwana dzina lako. Koma tsiku lija, bambo atati chikoti chibwere, amene anathamanga kukachitenga m'nyumba ndine. Ndinaimirira pamenepo n'kumaonerera. Dzuka, mphwanga, anthu akutiona."

Anthu oyandikana nawo analidi atayamba kusonkhana kumpanda. A Jacinto anawayang'ana, kenako anayang'ana mwana wawo. Nkhope yawo inali thukuta lokhalokha. Anatembenuka, n'kukhoma nkhwangwa ija pamtengo wa khola mwamphamvu moti ng'ombe zinadzidzimuka, ndipo analowera kumunda.

Amayi Eneless anabweretsa madzi m'chikho n'kuyamba kupatsa Fernando. Onse anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, n'kumafunsana za ana, za mvula, za amene anamwalira. Nkhani inkayenda movutikira, nthawi zina n'kuduka. Mawu aliwonse a mapazi akamveka, Fernando ankacheuka.

A Jacinto sanabwerere. Alendo akutsanzika, bambowo ankaoneka chapatali pakati pa mizere ya mbatata, atangoima, khasu lili pansi.

"Usadikire kuti akupepese lero," ananong'ona amayi Eneless atawaperekeza kumsewu. "Mwinanso sadzatero. Koma ukadzabwera ndi ana nthawi yokolola, pakhomo pano ndidzawalandira ndine. Nanenso ndinkaona zonse zija, ndipo ndinakhala chete."

"Ndiona, amayi," anatero Fernando.

Ali m'galimoto, a Xavier anamufunsa ngati mtima unali utatsika.

"Sindikudziwa," anayankha, akupukuta manja pathalauza.