Khomo la Chisa cha Tchete

Beatrice anatembenuza pepala lachitatu, lachinayi, mpaka lomaliza. Pa pepala lililonse chisa chinali chitayasama kumwamba ngati dengu la tomato.

"A Kalimu, ichi n'chiyani?"

Kalimu sanatsike pamakwerero. Anali kupenta nkhuku yonenepa pachikwangwani cha lesitilanti, panja pa shedi yake kuseri kwa msika wa Limbe.

"Zisa, madamu. Monga munanenera."

"Ndinati khomo la chisa cha tchete limayang'ana pansi. Ndinachita kulemba ndi bolopeni yofiira."

"Ndinaona. Ndinangoti dzanja linakupulumukani, ndiye ndakukonzerani. Khomo pansi, mazira osagwa? Ine ndayamba kujambula nthawi ya riferendamu, madamu. Mbalame ndimazidziwa."

Kunena chilungamo, luso Kalimu anali nalo. Theka la nkhuku zojambulidwa pamakoma a mu Limbe zinatuluka m'burashi yake. Vuto linali lomwelo: kwa iye mbalame iliyonse inali nkhuku, ndipo chisa chilichonse chinali mtanga woikiramo mazira.

Beatrice ankaphunzitsa Sitandade 2 ku Nkolokosa. Mabuku a zithunzi amene anali pasukulupo anali ochokera kunja, odzaza mbalame zimene ana sanazionepo chibadwire. Zinamutopetsa. Anatha zaka ziwiri akulemba kabuku kake ka tchete, timbalame tachikasu tija timaluka zisa zolendewera kunsonga kwa nthambi. Bungwe lina linavomera kukasindikiza n'kukagawa m'masukulu, bola kafike kosindikizira ku Ginnery Corner Lachisanu isanakwane folo koloko. Tsikuli linali Lachinayi.

"Ana mazanamazana awerenge bodza, dzina langa lili pachikuto?" anatero Beatrice. "Tsikani. Tiyeni mukaone ndi maso anu."

"Nanga nkhukuyi?"

"Siuluka. Tsikani."

Anakwera minibasi. Pa Chichiri inaima mphindi khumi kondakitala akuitanira anthu amene kunalibe. Atatsika m'tauni anayenda wapansi kupita ku Namiwawa, kumene malume ake, a January, ankalondera ndi kusamalira maluwa panyumba ina yampanda. Panyumbapo panali mtengo wa mthethe umene nthambi zake zinkadumpha mpanda. Beatrice anakhalapo pansi pake Loweruka losawerengeka, kope lili pamwendo, akuonerera tchete zikuluka.

Atakhota pakona Beatrice anaima chilili. Mtengo unali utametedwa mpala. Kunatsala nthambi imodzi yokha, kumtunda kwenikweni.

A January anatuluka pageti chikwanje chili m'manja.

"Malume, mwachita chiyani?"

"Ndi bwana, mwana wanga. Ati zitosi zikuononga penti ya galimoto, ndiponso phokoso m'mamawa. Ndadula lero lomwe."

"Koma ndinakuuzani kutchalitchi kuti buku langa lonse lili mumtengo umenewu."

"Unandiuza. Kodi mtengo ndi wanga? Galimoto ndi yanga? Changa pano ndi chikwanje chokha, nachonso n'cha bwana."

Nthambi zinali zitaunjikidwa m'mbali mwa ngalande, kudikira moto. Zisa zinali mbwee paudzu. Kalimu anawerama, anatola chimodzi n'kuchikhazika pachikhatho, khomo litaloza kumwamba. Anamwetulira mano onse panja.

"Mwaona, madamu? Ndimanena chiyani ine?"

Beatrice anangokhala pansi pamphepete pa ngalande. Zaka ziwiri, ulendo wonse wochokera ku Limbe, ndipo umboni wake unali utasanduka umboni wa Kalimu. Misozi inalengeza, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa.

A January anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake zamathothomathotho a penti.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ndinabadwira ku Limbe konkuno."

"Zikuoneka. Ife kwathu ku Nsanje timakula tikuingitsa mbalame zimenezi m'mapira. Safunsa anadya phula. Taikani icho pansi, mutole icho chili ndi kamtengo kake. Gwirani kamtengoko, osati chisa."

Kalimu anatola. Atangogwira kanthambi, chisa chinazungulira chokha n'kulendewera. Khomo linayang'ana pansi. Anachitembenuza, n'kuchisiya. Chinabwerera momwemo.

"Pisanimo chala," anatero a January.

Kalimu anapisa chala, nkhope itachita makwinya. Kenaka nsidze zinakwera.

"Muli kakhoma."

"Eya. Khomo uku, chipinda uko, pakati kakhoma. Dzira lidumpha bwanji?"

Kalimu anapendeketsa chisacho pang'onopang'ono, ndipo kadzira kobiriwira kanagubudukira pachikhatho chake. Kanali kozizira, koma kosasweka, ngakhale kanagwa ndi nthambi kuchokera kumwamba konse kuja. Anakayang'ana nthawi yaitali.

Kumtunda, panthambi yotsala ija, tchete imodzi yamutu wakuda inali italendewera chadodolido, udzu wauwisi uli kukamwa. Inali itayamba kale kumanga mfundo yoyamba.

"Yaimuna imeneyo," anatero a January. "Imaluka ndi iyo. Ikamaliza, yaikazi imabwera kudzayendera. Ikapanda kukhutira, mwamuna amaphwasula n'kuyambiranso. Sachita makani."

Kalimu anayang'ana Beatrice, n'kuyang'ananso mbalame ija.

"Malume anuwa amatukwana mwaulemu," anatero. "Masamba a bukuli ndi angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Mawa folo koloko?"

"Isanakwane."

Kalimu anabweza kadzira m'chisa, anapempha benchi ya mlonda, n'kutulutsa pensulo kuseri kwa khutu. Anajambula mbalame ija mpaka dzuwa linapendeka. Pochoka ananyamula zisa ziwiri, china chake, china cha Beatrice.

Lachisanu Beatrice anapempha mnzake kuti amugwirire kalasi, n'kukakhala pashedi ya Kalimu kuyambira m'mawa. Mwini lesitilanti anabwera kawiri kudzafunsa nkhuku yake, imene inali idakali ndi mwendo umodzi. Kawiri konse Kalimu anamuuza kuti penti yatha. Tsamba lomaliza linauma itangodutsa fili koloko.

Ku Ginnery Corner Beatrice anafika thukuta lili kamukamu, kutatsala mphindi makumi awiri. Pakauntala panali bambo wamagalasi, dzina lake Wilfred litalembedwa pathumba la malaya. Analandira envelopu, ananyambita chala, n'kuyamba kutembenuza mapepala. Pa lachitatu anaima. Analizunguliza, mutu utapendekera kumbali.

"Zokongola, madamu. Kungoti wojambula wanu wazondotsa zisazi. Musadandaule, zimachitika. Anyamata athu azitembenuza pakompyuta."

Beatrice anatseka maso. Anapuma kamodzi, mozama. Kenaka anatsegula chikwama, anatulutsa chisa chija, n'kuchigwira pakanthambi patsogolo pa mphuno ya bamboyo. Chinazungulira n'kulendewera, khomo pansi.

"Pisanimo chala, a Wilfred."

"Pepani, mwati?"

"Pisanimo chala. Mukatha muitane anyamata anu a kompyutawo, aliyense apisemo chake."

Wilfred anayang'ana wotchi yapakhoma. "Madamu, tikutseka posachedwa. Makina tiyendetsa Lolemba."

"Lolemba nthawi yanji?"

"Hafu seveni."

Beatrice anamasula kalamba ka pachikwama chake, anamangirira chisacho pachitsulo cha zenera la kauntala, n'kukoka mfundo kawiri.

"Ichi chigona pano," anatero. "Ine Lolembalo mundipeza pakhomo seveni koloko."