Buleki Yogwira Yokha pa Ipogolo

Gasto Kalinga ankakankha njinga yamoto thukuta lili kamukamu, zigubu zitatu za mkaka zikugundana kumbuyo. Tayala lakutsogolo linkalimba ngati wina waligwira, ndipo disiki ya buleki inkanunkha chitsulo chopsa. Aka kanali kachitatu sabata imeneyo. Njingayo inkanyamuka bwinobwino ku Kilolo, koma ikangotentha, buleki inkagwira yokha.

Mkakawo unali wa amayi a m'mudzi mwawo, ndipo fakitale ya ku Iringa inkatseka geti nayini koloko.

Atafika ku Ipogolo pagalaja ya mlamu wake Zuberi, mchimwene wa mkazi wake Veneranda, anaipeza itatsegulidwa kale.

"Alamu, mwayamba liti kuweta bulu?" anafunsa Zuberi akupukuta m'manja.

"Sindikuseka ine. Mapadi a buleki aja munandiikira Lolemba ndi achabechabe."

"Mapadi ndi atsopano. Lachitatu tinatsuka kalipa yonse yopanira mapadiwo, mapisitoni akuyenda ngati mwana wakhuta."

"Ndiye ndikunama? Igwireni disikiyo muone!"

Zuberi anailavulira malovu, ndipo anachita kuti tswii. Anakweza kutsogolo kwa njinga pachitsa, nayesa kuzungulitsa tayala. Silinasunthe. Anatenga sipanala yaing'ono n'kumasula pang'ono kanati kotulutsira mafuta a buleki. Mafuta anathovoka, ndipo pomwepo tayala linazungulira lokha.

"Mwaona? Vuto silili pansi pano. Mafuta akupita koma sakubwerera. Chawatsekera njira chili kumwamba."

"Kumwamba kapena pansi, ine ndikufuna ndinyamuke. Dzuwa lakwera ili."

"Mukanyamuka chonchi, ikakugwirani pachitunda paja pokwera ku Iringa, malole akubwera kumbuyo. Mlongo wanga ndikamuuza chiyani?"

Gasto anangoguguda pachishalo. Zuberi anatsegula kabokosi ka mafuta pachiwongolero, nayang'ana. Mafuta anali oyera, osadzaza mopitirira. Anafinya chogwirira buleki kawiri katatu, kenaka anasiya, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Chogwirira ichi si cha njinga ino."

"Zonse n'zofanana izo."

"Chakumanzere chakuda, chakumanja chonyezimira. Mwachigula kuti?"

"Kumsika," anayankha Gasto, maso ali kumsewu.

"Chakale chinapita kuti?"

"Chinathyoka."

"Chinathyoka chokha, chili pamthunzi?"

Zuberi anachimasula n'kumuonetsa kamlomo kake. Kanali kotalika pang'ono, moti kankakankha pisitoni ya m'kabokosi ka mafuta ngakhale munthu asanafinye. Kabowo kobwezera mafuta kankakhala kotsekeka, ndipo mafuta akatentha, ankapanikiza mapadi.

"Sabata yonse ndakhala ndikusakasaka pansi ngati nkhuku, inu mukundiyang'ana. Anthu amva kale kuti Zuberi sadziwa mabuleki. Kwezani buluku."

"Alamu, nthawi."

"Kwezani."

Gasto anakweza. Pabondo panali bala lalikulu lomangidwa ndi kansalu, m'mbali mwake mutatupa.

"Ndinagwa Loweruka pamchenga wa pamlatho. Veneranda anati ndikadzagwanso njinga igulitsidwe, ndizikalima naye tomato. Musamuuze."

"Ndiye mumagona ndi buluku?"

"Ndimati kukuzizira."

Zuberi sanaseke. Anamanga chogwiriracho pachopanira n'kuyamba kupala kamlomo kaja ndi tupa. Ankapala pang'ono, kuyesa, kuchotsanso. Gasto ankangozungulira, akukhudza zigubu, zomwe zinali zitayamba kufunda. Kachinayi, chogwirira chinayamba kusewera pang'ono chisanagwire. Zuberi anakwera, anathamanga mpaka pamphambano akufinya buleki mobwerezabwereza, nabwerera. Tayala linazungulira mosavuta.

"Yatheka. Koma mugule chenicheni sabata ino, ichi n'chongokufikitsani. Za bondolo sindinena kanthu mpaka mawa. Likafika dzuwa la mawa mlongo wanga asanamve kwa inu, amva kwa ine."

Gasto anakwera chitunda osaimanso. Anapeza mlonda wa fakitale akukoka geti, ndipo atachonderera anamulowetsa. Zigubu ziwiri anazilandira. Chachitatu, cha Mayi Sekinyaga, mayi wamasiye wa ng'ombe ziwiri, woyeza mkaka anangochinunkhiza n'kupukusa mutu.

Pobwerera, buleki sinavutenso ngakhale kamodzi. Anayamba wapita kwa Mayi Sekinyaga kukatula chigubu chosasacho, ndipo anaima chilili mpaka mayiwo atamaliza kulankhula zonse zimene anali nazo. Kenaka anapita kumunda kumene Veneranda ankamangirira tomato kumitengo.

"Mwachedwatu lero," anatero mkaziyo osatembenuka.

Gasto anakhala pamzere, nayamba kupinda buluku.

"Amayi a Neema, tabwerani muone."