Mfunda wa a Walker

Clara anaika mbale ya phala pathebulo, mkuluyo osachewuka n'komwe. Linali tsiku lachisanu a Harvey Walker akukana chakudya chimwalirireni akazi awo a Phyllis. Adokotala anali atanena kale kuti akapanda kudya pofika Lolemba, awachotsa m'nyumba yosamalira okalamba ya ku Wakefield imene Clara ankagwiramo ntchito, akawaike kapaipi kodyera m'mphuno kuchipatala. Clara ankadziwa kuti opita motero sabwerako kawirikawiri, ndipo mtima unkamuwawa.

"Uzingowatchula kuti Harvey," ankatero Shirley, mkulu wa pantchitopo. "Kuno timatero, kuti azimva ngati ali kwawo."

Koma mwana woleredwa ku Dedza angatchule bwanji dzina la munthu wa zaka 86 ngati akuitana mnzake wosewera naye fulaye? Lilime linkakana. Zaka zitatu ali ku Mangalande anazolowera chisanu, anazolowera tiyi wopanda shuga, koma ichi chokha chinamukanika.

"Bambo Walker," anatero atakhala pampando, "kwathu munthu wamkulu timamulemekeza ndi mfunda, dzina la makolo ake. Nanga lanuli linachokera kuti?"

Mkuluyo anatembenuka pang'onopang'ono. Sabata yonse anthu ankangomufunsa za mankhwala ndi za kuchimbudzi.

"Walker ndiye kuti woponda. Tinali oponda nsalu," anayankha ndi mawu osasa. "Kalekale, makina asanabwere. Nsalu ya ubweya wa nkhosa ikachoka kwa owomba imakhala yolobodoka. Ndiye makolo anga ankaiika m'mabafa amatabwa, n'kuthiramo madzi ndi mkodzo wokhalitsa, n'kumaiponda opanda nsapato tsiku lonse mpaka italimba."

"Mkodzo? N'kuzizira konseku?"

"Mkodzo weniweni, mayi. Amfumu ankafunda zoponda ife, koma pamsika anthu ankatithawa fungo."

Clara anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anthu olimba mtima bwanji! Ntchito imene ena akanaibisa, iwo anaisenza ngati dzina kwa zaka mazanamazana, ana ndi adzukulu kumalilemba pazitseko. Anayang'ana manja ake, amene m'mawa womwewo anali atasintha matewera asanu ndi limodzi, ntchito imene kumudzi sankainena.

"Inetu ndaponda dothi la njerwa," anatero. "Nyumba ya mayi anga inamangidwa ndi mapazi awa."

"Ndiye kuti ndinu wa kwathu," anatero a Walker, maso ali pa nsapato zake zakuda.

"Ngati ndili wa kwanu, musandichititse manyazi. Oponda nsalu sagwira ntchito ndi njala."

Anawapatsa supuni m'manja, osawadyetsa ngati khanda. Phala lina linatayikira pamalaya, koma lina linafika. Anadya masupuni asanu ndi awiri, Clara akuwerenga mumtima. Shirley anasuzumira pakhomo, n'kubwerera mwakachetechete.

"Tsono munthu akadya kwanuko amatani?" anafunsa mkuluyo akupukuta pakamwa.

"Amathokoza wophika pomutchula mfunda wake."

"Wanu ndi uti?"

Clara anazengereza. Pabaji yake panangolembedwa dzina loyamba, ndipo chitsikireni ndege palibe anamuitanapo ndi dzina linalo.

"Nankhoma."

Mkuluyo anayesa kawiri, lilime likupunthwa. Kachitatu anawongoka pampando, n'kugogoda pansi ndi phazi lake lotupa.

"Zikomo, Nankhoma."

Clara anagwada pakapeti, monga amachitira kwawo, nalandira mbale ija ndi manja awiri.