Dontho pa Tsamba la Nyemba

Nyemba za Eluby zinachita madontho chaka chomwe mng'ono wake Ruth anabwera kuchokera ku Limbe ndi chifuwa chosatha. Anamugoneka kuchipinda, iye n'kumapita kudimba ngati kale, poti ana sadya chisoni.

Alangizi, a Nikodemo, atatulukira pa njinga kuchokera ku Ndunde, Eluby anawaonetsa tsamba n'kufunsa mankhwala. Iwo anati azisiye. Akuti mbewu nayo imadziteteza: ikamva kuti matenda alowa, imapanga mapuloteni ake olimbana nawo, ndipo pena imaumitsa dala mnofu wozungulira pamenepo kuti matendawo asowe podutsa.

"Mnofu wodwalawo?"

"Ayi mayi, wabwinobwino. Kulakwa kwake n'kuyandikana."

Eluby ananyamuka. Kunyumba kunali zovala za wodwala zoti achape.

Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, anaona chimene maso ake ankachilumpha masiku onsewa. Njira ya kumjigo, imene kale inkadutsa pakhomo pake, inali itakhota. Palibe anaikhotetsa, mapazi okha. Inazungulira kuseri kwa nthochi n'kukakumana ndi ya kutchalitchi, ndipo pakati ponsepo udzu unali utamera, wosapondedwa. Ngakhale nkhuku za eni zinkafika m'mphepete n'kubwerera. Mwana wake Chrissy ankasewera phada yekha pakhonde.

A Doreen, oyandikana nawo nyumba, anaima panjira yatsopanoyo, osalowa. Anati amayi a m'mudzimo akambirana: Ruth amumangire kachisakasa kudimba, azimupititsira chakudya komweko, kuti anthu ayambenso kufika pakhomo. Si nkhanza, anatero, n'kuganizira mwanayu.

Eluby anayang'ana Chrissy. M'nyumba Ruth anatsokomola, kenako zii.

"Ruth ndinamubereka kumsanaku," anatero. "Kudimba kumagona achule."

Anatenga khasu n'kulambula njira yakale, kuchokera pakhomo mpaka pamjigo. Patapita masiku anaiyendera. Munali mapazi ake ndi a Chrissy basi.

Nyembazo zinachira, zinabereka kuposa za aliyense. Madontho aja anauma n'kugwa, pamasamba n'kutsala timabowo tosalala bwino. Eluby anathyola tsamba limodzi n'kusuzumira pabowo, kuyang'ana kumtunda. Nyumba yake inakwana ndendende: denga, khonde, ndi kamwana kali pakhomo. Kwina konseko kunali kobiriwira.

Analitaya, nasenza ndowa. Ruth anali asanasambe.