Diresi la Olenji

Pa situdiyo ya zithunzi ija ankamutchula kuti Kachala, chifukwa akagwira mausi ya kompyuta ziphuphu zinkachoka pankhope ya mkwatibwi osasiya chipsera. Tebulo lake linali kuseri kwa katani, pafupi ndi makina osindikizira amene ankatenthetsa chipinda chonse.

Lolemba m'mawa anamva mawu odziwika kukauntala. Anali amayi ake aang'ono, mkazi amene bambo ake anakwatira atawasiya amayi ake. Kachala anakukuta mano, poti za Loweruka zinali zisanamuchoke pamtima. Tsikulo kunali phwando la mlongo wake amene anamaliza koleji. Amayi aang'onowo ndiwo anakonza zonse, ndipo anauza aliyense kuti avale zabuluu, mpaka dalaivala wa bambo. Amene sanauzidwe anali mmodzi yekha, mayi wobereka mwanayo. Iwo anafika atatchena diresi la olenji limene anasoketsa dala. Ataima pamzere kuti ajambulidwe, amayi aang'ono anakweza mawu: "Abale, ndani waitana okonza msewu?" Anthu anaseka. Amayi ake omubereka anangomwetulira, n'kugwira dzanja la mwana wawo.

"Chithunzi cha phwandochi ndikufuna chachikulu, cha pabalaza," amayi aang'ono ankauza abwana a situdiyo. "Koma chinthu ichi chikundiwawa m'maso. Paliponse pali olenji pasanduke buluu. Ndisaone ndi kadontho komwe."

"Zing'onozing'ono zimenezo, mayi. Kachala!"

Kachala anatuluka kuseri kwa katani.

"Eya, uli pompano eti? Uwakonze amayi akowa afanane ndi anthu."

"Ndamva, amayi. Paliponse pali olenji?"

"Wagontha? Paliponse."

Anatsegula chithunzicho pa kompyuta. Ntchito yotere ndi yosavuta: umatenga kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, n'kudina pa mtundu umene ukufuna. Sikirini imada yonse, ndipo malo okhawo amene ali ndi mtunduwo ndi amene amayera. Chimene wasintha chimagwera poyerapo basi. Anadina pa diresi la amayi ake, diresi linayera. Mapindo ake anali akadali otuwa, choncho anakoka kamzere kowonjezera mitundu yoyandikana nayo. Mapindo anayera. Koma pakati pa mdimawo panatulukanso chinthu china chozungulira, choyera mbee, chokhala ndi mabowo awiri a maso.

Kachala anayandikiza nkhope pa sikirini. Inali nkhope ya amayi aang'ono. Zaka zonse zodzola mafuta oyeretsa khungu zija, kuphatikiza paudala wa tsiku la phwando, zinawasiya ndi mtundu umodzimodzi ndi nsalu imene ankaiseka. Khosi linayera, mikono inayera, mfundo za zala zokha ndi zimene zinatsala zakuda.

Tsiku lina lililonse akanatenga burashi ya pa kompyuta n'kudetsa nkhopeyo kuti isakhudzidwe. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Dzanja linapita lokha pa burashi, koma analibweza. Anakumbukira mmene amayi ake anavulira nsapato m'basi pobwerera, osayankhula kanthu njira yonse. Anakoka kamzere ka mtundu pang'onopang'ono. Diresi linadutsa pa chikasu, pa zobiriwira, n'kukafika pa buluu. Nkhope inatsatira. Anaikonza bwinobwino m'mphepete kuti buluu asatayikire pa tsitsi kapena pa mano, poti sankafuna kuti wina anene kuti ndi ntchito yothamangira. Anasindikiza, anaika mu felemu, n'kukulunga ndi pepala lokhuthala, tepi mbali zonse.

Dalaivala anadzatenga Lachitatu. Zimene zinachitika kunyumbako Kachala anazimva kwa mlongo wake pa foni, akulephera kuyankhula ndi phwete. Amayi aang'ono anali ataitana anzawo asanu ku tiyi kuti adzaone chithunzi. Anang'amba pepala okha. Mmodzi anatsamwa ndi tiyi, wina n'kufunsa ngati anadwala tsikulo. Awiri anali atajambula kale ndi mafoni.

Sipanathe ola, amayi aang'ono anatulukira pa situdiyo, felemu ili m'khwapa.

"Mfiti iwe! Wandichita chiyani?"

"Zimene munanena, amayi. Bwerani muone."

Anatembenuza sikirini kuti abwana ndi makasitomala awiri amene anali pa benchi aone. Anadina pa diresi. Nkhope ija inayera.

"Mwaona? Ine ndadina nsalu. Kompyuta sidziwa kuti uyu ndi munthu, iyi ndi nsalu. Imangoona mtundu."

Mayi wina pa benchi anabisa kukamwa ndi chikwama. Amayi aang'ono anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana mikono yawo.

"Bambo ako amva zimenezi."

"Muwauzenso za okonza msewu."

Amayi aang'ono atachoka, abwana anatseka katani.

"Kasitomala ungamupusitse, koma ine ayi. Burashi ndinakuphunzitsa ndekha. Chithunzichi ndikonza ine, iwe pita kunyumba. Ndidzakuone pakatha sabata ziwiri."

"Chabwino, bwana."

Bambo ake anaimba kanayi ali m'basi. Sanayankhe. Anatsikira kwa amayi ake, n'kuwapeza akusita zovala pakhonde. Anawafotokozera zonse, kenako anawapatsa foni kuti aone. Amayi anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye iwenso wandivula diresi langa?"

Kachala anali asanaganizepo zimenezo.

"Ndinasankha ndekha nsalu imene ija. Ukanawauza kuti sungathe, basi. Ntchito ukuiseweretsa chifukwa cha munthu ameneyu?"

"Anakunyozani pagulu, amayi."

"Anandinyoza, inde. Ndinafa?"

Anabweza foni n'kupitiriza kusita kolala ya malaya. Kachala anakhala pa sitepe, ali ndi mkwiyo ndi manyazi. Chisoni chokha ndiye analibe, ndipo ankadziwa kuti atapatsidwanso chithunzicho akanachita chimodzimodzi.

Patapita kanthawi amayi anaimika simbi.

"Tabweretsa ndionenso. Ukuze pankhopepo."

Anakuza. Amayi anayesa kulimba, koma mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, akupukuta magalasi ndi malaya ositasita aja.

"Mano okha mbee! Mwana iwe ulibe khalidwe. Unditumizire, ndiwaonetse azakhali ako."