Zidole za Hazel

Ine ndine waphuma, ndipo phumalo ndinachoka nalo ku Ntcheu mpaka ku Chinengundu, ku Chegutu, dziko la olankhula Chishona, mlamu wanga atamwalira. Mchimwene wanga Fred amalawirira kuntchito ku fakitale ya thonje ku Kadoma, ndiye mwana wake Hazel, wa zaka zisanu ndi zitatu, anatsala m'manja mwanga.

Mwanayo ankangokhalira gemu ya pafoni, kudya komwe mpaka kumukakamiza. Ndinamulanda foniyo n'kumuuza kuti Mulungu sanatipatse manja kuti tizitosa galasi, apite panja akasewere. Sanalire, ine n'kumadzitama kuti kulera ndimakutha.

Patatha sabata ndinamupeza kuseri kwa nyumba atandandalika zidole zadongo zisanu, zonse zazimayi, zokulungidwa ndi ulusi wa kuntchito kwa bambo ake. Chachisanu anachimata tsitsi la munthu, ndipo ankachinong'oneza. Hazel Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona, chomwe ine ndinali ndisanachigwire. Nditamufunsa chimene ankachita, anayankha mosangalala.

"Ndiri kutamba naamai."

Kwathu otamba ndi afiti. Ndinaganiza kuti mwana akutamba ndi malemu masanasana. Sindinafunsenso. Ndinaziponda zidole zonse mpaka zinasanduka fumbi, tsitsi lija n'kuliponya pambaula, uku ndikupemphera mokweza kuti oyandikana nafe amve.

Fred atabwera ndinamufotokozera ngati munthu wopulumutsa banja. Anakhala pansi osavula nsapato. Anandiuza kuti m'Chishona kutamba ndi kusewera basi, ndipo tsitsilo linali la mkazi wake, limene mwanayo analichotsa pachipeso tsiku la maliro n'kulisunga m'kabokosi ka machesi. Sanandikalipire, koma bola akanatero. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe.

M'mawa mwake ndinakakumba dongo kudambo, n'kukhala pakhonde ndikuumba ndi manja anga olimbawa. Chimene chinatuluka chinali ngati mbatata. Ndinamuitana Hazel, ndinapepesa, n'kumupempha andiuze nkhope ya mayi ake kuti tiumbe bwino limodzi.

Anayang'ana dongolo nthawi yaitali osalikhudza. Kenako anayankha m'Chichewa, mawu amodziamodzi, kuti ndisamvenso molakwa.

"Ndikuiwala nkhope yawo, azakhali. Chachisanu chija ndi chimene chinayamba kufanana nawo."